Botolo Losungira Mawa

Kumudzi wina kufupi ndi phiri la Dedza kunali mayi wamasiye, wogulitsa kachewere pamsewu. Mayiyu anali wodziwa kusunga. Ana ake anawalera ndi lamulo limodzi: ndiwo ziwiri sizidyedwa tsiku limodzi. Kukapezeka nyemba ndi usipa, usipawo unkadikira mawa, kaya ana alire chotani.

Chaka china pakhosi pake panatuluka chotupa cholimba. Chinakula mofulumira, mawu anasasa, ngakhale phala linayamba kuvuta kumeza. Kuchipatala chachikulu anamuuza kuti ndi khansa ya chithokomiro, ija yaukali, ndipo inali itafalikira kale moti opaleshoni sikanathandiza. Dokotala anamupatsa mabotolo awiri a mapilitsi.

"Amayi, muzimwa onse awiri tsiku lililonse. Matendawa mukawatsekera khomo limodzi, amalowera lina."

"Ndamva, adokotala."

Kumva anamvadi. Koma atafika kunyumba anayang'ana mabotolo aja, nakumbukira kutalika kwa ulendo wakuchipatala, khalidwe lake lakale lija n'kudzuka. Kumaliza onse nthawi imodzi? Kuwononga kumeneko! Anatsegula limodzi. Linalo analikulunga m'chitenje n'kuliika pansi penipeni m'sutukesi, kuti lidzagwire ntchito loyambalo likadzatha.

Poyamba chotupa chinaphwa ndithu, mayi n'kubwerera kumsewu akudziyamikira mumtima. Koma matenda anapeza khomo losatseka lija. Chotupa chinabwerera ndi ukali woposa kale, chinafinya kholingo, akamapuma n'kumamveka ngati akuimba mluzu. Mwana wake wamkazi, posaka chitenje choti apite nacho kuchipatala, anapeza botolo lija, losatsegula n'komwe.

"Amayi, nanga ili?"

Mayi anafuna kuyankha, mawu osatuluka. Atafika naye kuchipatala, dokotala anangoweramitsa mutu. Ndimamva chisoni ndikamuganizira mayiyu, chifukwa sanali wopusa, sanalinso wamwano. Anamwalira mankhwala ake ali m'manja mwa mwana wake.

Abale anga, Mulungu anatipatsa zinthu ziwiri zoyendera limodzi: kukhulupirira ndi kulapa. Ambirife kukhulupirira tinatsegula kalekale. Timaimba, timapemphera, Lamulungu sitijomba. Koma kulapa tinakukulunga bwinobwino, ati tidzalapa tikadzakalamba. Tchimo silidikira ukalamba wanu, likulowa lero lomwe pakhomo pamene mwasiya posatseka. Ndipo tsiku limene mudzafune kunena kuti "Ambuye, ndalakwa," mwina pakhosi padzakhala patatseka.