Telala ndi Nsomba ya M'phanga

Vuai anali telala pamsika wa Wete, ndipo kwa zaka ziwiri ankasokerera timakalata m'mpendero wa madiresi a Saumu. Chinsinsichi palibe ankachidziwa, kupatula mayi ake a Saumu, amene ankachapa madiresiwo. Vuai atatuma amalume ake kukafunsira mbeta, bambo Faki, atate a mtsikanayo, sanavomere, sanakanenso. Anangoti mwini nkhaniyo abwere m'mawa akawedze limodzi.

Saumu anamunong'oneza kuseri kwa mpanda kuti zikakavuta asakakoke. Koma Vuai ankayang'ana milomo, mawu n'kumudutsa.

M'mawa mwake atafika ndi bwato pamwamba pa miyala ya pansi pa nyanja, madzi anali mbee. Bambo Faki anamulozera kansomba kosaposa chikhatho ndi theka, kakukamwa kwakukulu, thupi lonse madontho ofiirira ogundana ngati zisa za njuchi. Kanali phee pakhomo pa phanga lake, kudikira nkhanu. Anati imeneyo ndiyo chewa, mtundu wosakula, ndipo ankafuna yomweyo.

"Kamwana aka, bambo? Ine ndimayesa mundionetsa nsomba."

Vuai ataponya mbedza, kansombako kanameza nyambo n'kuthawira m'phanga, chingwe n'kungoti gwa! Vuai anaponda m'mphepete mwa bwato, n'kukoka ndi mphamvu zonse za munthu wofuna mkazi. Chingwe chinaduka. Pa phanga lachiwiri chinadukanso. Pa lachitatu anakoka mpaka chingwe kuduka, iye n'kugwa chagada.

Bambo Faki anaponya mbedza yawo. Nsomba itathawira m'phanga, iwo anakhwefula chingwe n'kuyamba kusenda lalanje. Anafotokoza, ngati akuuza lalanjelo, kuti chewa ikamva kukokedwa imatukumula masaya n'kuimika minga yakumsana, mwala n'kusanduka mbale wake. Koma ikaona kuti kunja kwati zii, imatuluka yokha. Lalanje litatha anakoka kamodzi, nsomba ili phiriphiri m'bwato.

"Mwana wanga akakwiya amadzitsekera kuchipinda," anatero bambo Faki akupalasa kubwerera kumtunda. "Nyumba yako ili ndi zitseko zingati?"

"Chimodzi, bambo."

"Zingwe wadula zitatu. Udzabwerenso chaka chamawa."

Vuai anatsegula pakamwa kuti atsutse, n'kutsekanso. Bambo Faki anaziona zimenezo, anagwedezera mutu pang'ono, koma chakacho sanachotsepo ngakhale tsiku limodzi. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.