Nyimbo Imene Inaleka Kulira

Chiikireni maliro a gogo Nangozo, anthu awiri akhala akufotokoza nkhaniyi mosiyana. Esinati, mwana wawo wamkazi, amati mchimwene wake anawafupikitsira moyo chifukwa cha kunyada. Dalesi, mpongozi wawo, amati mwamuna wake ankawakonda amayi ake, kungoti chikondicho chinasochera njira. Onse awiri ndi anthu oona mtima, ndipo onse awiri analira pamaliropo. Mverani, muweruze nokha.

Panali munthu wina, dzina lake Fanuelo, kalaliki pa kampani ina mumzinda wa Blantyre. Amayi ake, a Nangozo, ankakhala okha kumudzi ku Ntcheu. Chaka china iye anawagulira kafoni ka mabatani. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndipo kuwerenga sankadziwa kwenikweni, choncho anawakonzera zinthu ziwiri. Akadina batani lapakati n'kuligwira, foniyo inkayimba kwa iye. Iye akawayimbira, inkalira nyimbo ya kwaya imene ankaikonda. Mlongo wake Esinati, amene ankaphunzitsa kutali ku Karonga, anamuikira nyimbo yakeyake.

Kenako anawachenjeza. "Amayi, kunja kuno kwaopsa. Kuli akuba oyimba mafoni, amanamiza okalamba. Ikalira nyimbo yanga kapena ya Esinati, yankhani. Ikalira kulira kwina kulikonse, musaikhudze."

"Ndamva, mwana wanga," anatero iwo, n'kukulunga kafoniko m'kansalu.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, a Nangozo ankaflasha. Ankadina batani lija, kumva kulira kamodzi, n'kudula. Fanuelo ankawayimbira pomwepo ndi mayunitsi a kampani. Ankakamba za mvula, za nkhuku, za amene wadwala ndi amene wakwatiwa. Zinayenda choncho zaka zambiri.

Chaka china kampaniyo inayamba kuchepetsa antchito. Anamuitana n'kumuuza kuti apume msanga, zaka zake zisanakwane. Anavomera, pakuti ankadziwa kuti akakana adzachokabe. Anabweza makiyi. Anabwezanso foni ya kampani pamodzi ndi nambala yake, nambala yokhayo imene anali nayo. Amene analowa m'malo mwake analandira foniyo, ndipo ataona nambala yachilendo ikuflasha Lamulungu lililonse, sanaisamale. Nayenso anali ataphunzitsidwa za akuba.

Fanuelo anagula foni yakeyake, yaikulu, yopanda mabatani. Lamulungu loyamba anawayimbira amayi ake. Inalira mpaka kuduka. Anayimbanso, inadukanso. Anaseka n'kuuza mkazi wake kuti, "Koma amayi aja anamva phunziro." Mawa lake anayimbanso, ndi mkuja wake. Kuseka kunatha.

"Muuzeni Esinati awauze kuti nambala yasintha," anatero Dalesi.

"Akafunsa kuti yasinthiranji?"

"Muwauze zoona, bambo."

"Pafoni? Nkhani yotere sanenera pafoni. Ndikawauza pamaso, pa Khirisimasi."

Apa m'pamene anthu awiri aja amasiyanirana. Dalesi amati mwamuna wake sanalakwe kuganiza choncho, pakuti kwathu kuno nkhani yolemera imayenda ndi miyendo, ndipo munthu wamkulu sumuponyera mawu ali yekhayekha m'nyumba. Zimenezo ndi zoona. Esinati amakumbutsa kuti kumudzi konse ankawatcha a Nangozo kuti amake a bwana wa ku Blantyre, ndipo chaka ndi chaka bwanayo ankafika pa galimoto ya kampani, ana akuthamangira fumbi lake. Zimenezonso ndi zoona. Mumtima wa munthu ulemu ndi manyazi zimagona mphasa imodzi, ndipo mwini wakeyo sadziwa kuti chayankhula ndi chiti.

Fanuelo anamuyimbira mlongo wake n'kumupempha kuti, "Akakufunsa za ine, uwauze kuti ndili bwino, ndangotanganidwa ndi ntchito."

"Achimwene, zimenezi si zabwino."

"N'kanthawi kochepa chabe."

Esinati anang'ung'udza, koma ananena monga anauzidwa. Mbali imeneyi saikonda kuifotokoza.

Masiku a kupuma anamukulira Fanuelo ngati malaya obwereka. Ankadzuka m'mamawa monga kale, kusamba, kuvala malaya ositidwa, kenako n'kukhala pakhonde. Pagulu la pafoni la anzake a kuntchito anamuchotsa sabata yomweyo. Analowa magulu ena, a tchalitchi, a mpira, a anthu amene anaphunzira nawo sukulu. Ankaonera maulaliki, nthabwala, ngozi za pamsewu. Ankalemba kuti "pepani" pa maliro a anthu amene sankawadziwa. Foni sinkachoka m'manja mwake mpaka maso kuwawa, koma womuyimbira panalibe. Lamulungu masana lokha ankaigoneka chafufumimba patebulo, n'kutuluka kukayendayenda kunja kwa mpanda.

Mvula inayamba, Khirisimasi inafika. Ana ake anabwera ku tchuthi, aliyense ndi foni yake. Anaphika mpunga ndi nkhuku, anajambulana zithunzi, anazitumiza m'magulu. Dalesi anali atamanga kale katundu wa kumudzi: shuga, sopo, chitenje chatsopano. Fanuelo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti msewu wa kwawo ukhala utaipa. Tsiku lotsatira ananena kuti minibasi zadzaza. Chaka chatsopano chisanafike, Dalesi anaika chikwama cha katunduyo pakhomo.

"Ngati simupita, ndipita ndekha. Ndipo ine kunama sindidziwa."

Fanuelo ananyamuka. Anakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo pamene matope anachuluka anatsika n'kuyenda wapansi, chikwama chili paphewa. Panjira ankakonza mawu. Adzati kampani inasintha manambala onse. Adzati galimoto ili ku galaja. Pofika pamudzi bodzalo linali litapsa, likungodikira pa lilime.

Choyamba kuona chinali kamunda ka kuseri kwa nyumba. Pamenepo amayi ake ankadzalapo mtedza chaka chilichonse, wa iye yekha, woti azikadya kutauni. Minda ya anthu ena inali yobiriwira ndi chimanga. Kamundako kanali udzu wokhawokha.

Anawapeza pakhonde, atakhala pa mkeka, atamanga mpango kumutu. Anali ataonda kwambiri, moti chitenje chinkawazungulira kawiri.

"Odi, Amayi."

Anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo.

"Ndani?"

"Ndine Fanuelo."

Anagwada pafupi. Iwo anamugwira nkhope, makutu, mapewa, ngati munthu wosankha mbiya pamsika. Akumugwira choncho mpango unamasuka n'kugwa. Mutu wawo unali wometa, imvi zitangoyamba kuphukanso.

"Amayi, kunagwa maliro a ndani? Bwanji sitinamve?"

"Ako."

Anafotokoza pang'onopang'ono, osalira. Kale, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, mlamu wawo anafera ku migodi ku Joni. Apongozi awo anali odwaladwala, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti asawauze mpaka atapeza mphamvu. Amene ankatumidwa kukawayankha akafunsa za mwana wawoyo anali iwowo, a Nangozo. Mawu ake anali omwewo: ali bwino, wangotanganidwa ndi ntchito.

"Esinati atanena choncho kachiwiri, ndinadziwa. Ndinati ana akundisunga, nanenso ndiwasunge, ndisawakakamize kunama. Ndinadikira, uthenga osabwera. Ndiye ndinatenga lezala n'kumeta ndekha. Anthu ndinawauza kuti mutu ukundiwawa."

"Koma ndinkayimba, Amayi."

"Inkalira, inde. Kulira kwachilendo. Ndinkati mwina ndi anthu opepesa maliro, mwina ndi akuba aja. Sindinaikhudze. Unandiuza iwe."

Fanuelo anayang'ana pansi. Bodza lija linali pomwepo, ndipo likanagwira ntchito. Amayi ake akanalikhulupirira, mudzi ukanapitiriza kuwatcha amake a bwana. Analimeza.

"Amayi, ntchito inatha. Anandipumitsa. Foni ija inali yawo, ndinabweza. Galimoto ndilibe, ndabwera pa kabaza. Ndinkachita manyazi kukuuzani."



"Ntchito?" anafunsa a Nangozo. "Basi? Chimene chafa ndi ntchito?"

"Inde, Amayi."

"Ine ndinkalira munthu."

Pamenepo m'pamene analira, onse awiri. Atatonthola, iye anapempha kafoni kaja kuti aikemo nambala yatsopano pamodzi ndi nyimbo yakale. Iwo anakatulutsa m'kansalu, koma sanakapereke.

"Isiye nyimbo imeneyo. Ndinaiika m'manda pamodzi ndi iwe. Ikadzaliranso, mtima wanga sudzapirira."

Fanuelo anaona kuti palibe batani limene lingakonze chimene chinaonongeka. Anatuluka n'kukaima pachulu pamene foni imagwira bwino, n'kumuyimbira mkazi wake.

"Dalesi, chaka chatsopano mudyere nokha ndi ana. Munditumizire zovala zakumunda ndi mankhwala anga. Ndikhala kuno."

"Mpaka liti, bambo?"

"Nthawi yonse imene azindifuna."

Anazimitsa foni yaikulu ija n'kuiika pansi pa chikwama. Anabwereka khasu n'kuyamba kulambula kamunda kaja, ngakhale aliyense wodutsa ankamuuza kuti nthawi yodzala mtedza inapita kale. Amayi ake anakokera mkeka kumapeto kwa khonde, kumene ankatha kumva kulira kwa khasulo.

Mphamvu zawo sizinabwerere, ndipo mtedzawo sanaudye. Esinati amawerenga miyezi imene amayi ake analira mwana wamoyo. Dalesi amawerenga miyezi imene anadzuka m'mawa uliwonse mwana wawo ali pakhomo, chinthu chimene ntchito sinawapatsepo.

Inu amene mwamva, mwina pali munthu amene mukumubisira nkhani, mukuti mukumuteteza. Dziwani kuti amene amakukondani sakhala chete pamene inu muli chete. Amadzifotokozera yekha, ndipo amasankha choipa kuposa chimene mukubisacho. Musadikire tchuthi. Ngati foni siingathe kunyamula mawuwo, miyendo ilipo. Pitani tsitsi lisanametedwe.