Madiresi Awiri pa Chinkhoswe cha Elufe

Kalekale, masitolo a mu Limbe asanachuluke monga lero, kunali Mayi Jesina Nankhoma a ku Chiradzulu, mng'ono wawo Mayi Doreti wokhala m'tauni, ndi telala wotchuka, Bambo Amidu. Mayi Jesina anali ndi mwana mmodzi, Elufe. Amuna awo anawasiya mwanayo ali ndi zaka khumi, nakakwatira Mayi Rozina ku Ndirande, ndipo Elufe anaphunzira sukulu akukhala m'nyumba ya Mayi Rozinayo.

Chinkhoswe cha Elufe chitayandikira, Mayi Jesina anatsimikiza mtima kuti pa tsikulo aliyense adzadziwe ndi maso okha kuti anabala mwanayo ndani. Anakwera basi ya ku Limbe kukafuna nsalu, ndipo Doreti anawayendetsa m'masitolo mpaka mapazi anatupa. Dzuwa lili paliwombo anapeza nsalu yobiriwira ya madontho ngati nthenga za nkhanga. Atagula, analowa m'lesitilanti naitanitsa mpunga wa nyama ya mbuzi. Chakudyacho chinazizira, pakuti Mayi Jesina anali kujambula diresi pa pepala lokulungira nsalu: manja osanjikizana katatu ngati duwa la nthochi, ndi kolala yosokerera mikanda yoyera ya malemu amayi awo.

"Achemwali, zimenezi mwazionera kuti?" anafunsa Doreti.

"M'mutu mwangamu. Iwe usauze munthu, wamva?"

"Ine ndingauze ndani?"

Atafika kwa telala, Bambo Amidu analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali nati, "Mayi, chiyambire kusoka sindinaonepo zotere. Diresi limeneli lidzakhala lanu lokha."

Tsiku la chinkhoswe Mayi Jesina anachedwa dala, kuti alowe anthu atakhala kale. Atafika pakhomo la holo anaima chilili. Pa mpando wa mayi wa mwana panali Mayi Rozina, atavala nsalu ya nkhanga yomwe ija, manja osanjikizana katatu, kolala ya mikanda. Wolandira alendo anamwetulira nati, "Azakhali, inu a yunifolomu khalani kumbuyo kwa amayiwo." Mayi Jesina sanaleredwe kuyambitsa phokoso pagulu. Anakhala pomwe anawalozerapo, ndipo sanavine kapena kulawa kanthu.

Kutacha anaitana anthu atatu, mmodzimmodzi.

Doreti anati, "Achemwali, Elufe anandigulira nkhuku yootcha, nati ndimusonyeze sitolo ija kuti akugulireni duku lofanana. Ndinkati ndi zabwino."

"Nanga utaona kuti akudulitsa nsalu yokwana diresi lathunthu?"

"Ndinaopa kuti mukamva simubwera ku chinkhoswe."

Bambo Amidu anati, "Mwana wanu anabwera yekha ndi nsalu, nati mwagwirizana kuti ndisoke lina lofanana ndi lanu. Ndikanamutsutsa bwanji mwini chinkhoswe?"

"Bambo Amidu, ndinabwera kawiri kudzayesa diresi langa. Ngati munakhulupirira kuti tinagwirizana, linalo munalibisiranji kuseri kwa katani?"

Telalayo anangopotapota tepi yake yoyezera m'manja.

Elufe anabwera pomaliza, nagwada. "Amayi, inu munandibala, palibe angakane. Koma a Rozina anandichapira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nditadwala malungo ndi iwo amene anagona pansi m'chipatala. Iwo diresi lanu sanalione, anangovala chomwe ndinawapatsa. Ndikanakupemphani mukanakana. Ndinafuna anthu aone kuti ndili ndi amayi awiri."

"Anaona mmodzi," anatero Mayi Jesina, osakweza mawu.

Akulu a mpingo anakhala pa nkhaniyi masana onse, nabalalika osagamula. Anangopempha Mayi Jesina kuti akhululuke ukwati usanachitike. Mayi Jesina anayankha kuti ku ukwati adzapita monga mwa lamulo la mpingo, ndipo awiri adzawagwira chanza, koma mmodzi mwa atatuwo sadzadya nayenso mbale imodzi. Dzina lake sanalitchule.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, yankhani mwadongosolo, wina akamalankhula wina akhale chete. Pali mng'ono amene anaulula sitolo, kenaka naona choipa chikubwera osachenjeza mkulu wake. Pali telala amene anapereka mawu ake nawaphwanya, nabisa umboni. Pali mwana amene ananamiza onse kuti alemekeze mayi womulera, nachititsa manyazi mayi womubala. Kodi Mayi Jesina amukanize mbale ndani?