Chingwe cha Foni m'Galimoto ya Maliro

Galimoto yonyamula maliro ya pa shopu ina ya mabokosi a maliro inali yakale kuposa ena mwa anthu amene inkawaperekeza kumanda. Inali yakuda, yaitali ngati ulaliki wa m'busa watsopano, ndipo chitseko cha dalaivala chinkatseguka ndi phewa. Woyendetsa wake anthu ankamutcha Giyawani, chifukwa ntchito yake yonse inali kukwawa pa giya yoyamba, olira ali pambuyo. Anali mkamwini wa mwini shopuyo. Ntchito anaipezera kumodzi ndi mkazi, ndipo apongozi akewo sankalola kuti aiwale zimenezi.

Ndi akufa, Giyawani analibe nawo mlandu. Ankati pa anthu onse amene anawanyamulapo, iwo okha ndiwo sauza dalaivala njira. Chimene chinkamudya moyo chinali wailesi. Inali ya makaseti, ndipo kaseti inalipo imodzi yokha, ya nyimbo za maliro, yomwe inkamvekera kunja kudzera m'masipika awiri omangirira padenga. Tepi yake inali itafooka moti oimba ankamveka ngati akumira m'chitsime. Zaka zisanu ndi ziwiri anamva nyimbo zomwezo popita ndi pobwera, mpaka anayamba kuziimba posamba, mkazi wake n'kumamufunsa ngati kuchipatala anamuuza zina zimene akumubisira.

Tsiku lina wailesi ija inatafuna tepi yonse n'kuilavula ngati matumbo a nkhuku. Giyawani anabisa chimwemwe chake, napita kwa apongozi ndi nkhope ya ntchito. Anawafotokozera kuti makaseti anatha kalekale m'masitolo, koma wailesi yakale ikhoza kuikidwa kabowo kolowetsamo chingwe, nyimbo n'kumachokera m'foni. Apongozi anang'ung'udza kaye, poti anali munthu woti msomali wopindika amauwongola kawiri asanautaye. Koma maliro opanda nyimbo sakanatheka, choncho analola.

Ntchitoyo anaigwira mayi wina wokonza mawaya a galimoto, amene anali ndi kashedi kuseri kwa malo othirira mafuta. Anali wosalankhulalankhula, magalasi ake omanga ndi kawaya mbali imodzi. Anazula wailesi, naitsegula, nawotcherera mawaya atatu opyapyala pamene pankadutsa mawu a kaseti. Kenako anaboola pafupi ndi chiwongolero n'kulowetsa kabowo kaja, ndipo pambali pake anaika swichi. Ikakankhidwira m'mwamba mawu ankatulukira padenga, ikatsitsidwa ankamvekera m'kati mokha.

Popereka makiyi, mayiyo anavula magalasi.

"Achimwene, chingwe ichi chilibe mwambo. Chilichonse chotuluka m'foni chimatenga n'kukapereka kwa anthu, sichisankha. Pezani foni yakale yopanda khadi, muikemo nyimbo za maliro zokhazokha. Ndipo swichi iyi musaikhudze kumbuyo kwake."

Giyawani anavomera ndi mutu, koma makutu anali atanyamuka kale. Foni yachiwiri ya chiyani, yake ilipo? Anaikamo nyimbo zinayi za maliro pamwamba, pansi pake n'kusiya zake zonse za kumalo achisangalalo, zija zimene ng'oma yake imafika m'chiwindi.

Sabata yoyamba zinthu zinayenda bwino. Popita kumanda swichi m'mwamba, oimba akumveka bwino ngati angomwa madzi otentha. Pobwerera swichi pansi, tayi m'thumba, mapewa akugwira ntchito. Koma mtima wa munthu sukhuta. Sipika ya m'kati inali imodzi, ya m'chitseko, ndipo inali yong'ambika. Ng'oma ikagunda inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Akaikankhira swichi m'mwamba, nyimbo zinkakomera a m'mbali mwa msewu, iye m'kati n'kumangomva denga likunjenjemera. Ankafuna zonse ziwiri nthawi imodzi.

Loweruka lina m'mawa anagona chagada pansi pa chiwongolero ndi mpeni wa kukhitchini. Anasenda mawaya a kumbuyo kwa swichi, nawapota pamodzi, n'kukulunga selotepi. Swichi inatsala yokongoletsa chabe, ngati batani la jekete la malemu. Mkazi wake, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya shopu yomweyo, anamupeza miyendo ili kunja, namukumbutsa zimene ananena mayi wa mawaya uja. Iye anayankha ali pansi pomwepo kuti mayiyo amadziwa mawaya koma sadziwa nyimbo. Ndipo poti chingwe chinkasolokasoloka m'mabampu, anachimangiranso ku foni ndi selotepi yomweyo, kuzunguliza kasanu.

Kuyambira pamenepo maulendo obwerera kumanda anasanduka phwando. Anthu a m'mbali mwa msewu akaona galimoto yakuda ikubwera ankavula zipewa, ikayandikira n'kusokonezeka, osadziwa ngati agwetse nkhope kapena athyole dansi. Kalipentala wamkulu wa pashopu, nkhalamba ya utuchi m'nsidze, anamuchenjeza kuti abwana akadzamva kudzagwa chinthu. Giyawani anaseka, nati abwana amangomva kulira kwa macheka basi.

Ndiye kunabwera maliro aakulu. Anamwalira anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu amene anakwapula theka la tauni n'kuphunzitsa theka linalo kulemba. Ana ake anachokera kutali ndi magalimoto onyezimira, ndipo mwana wamkulu, mayi wa nkhope yosaseka, anaitanitsa bokosi la matabwa olimba, lapamwamba kuposa onse. Apongozi anachita kulipereka okha, akulisisita ngati ng'ombe ya pachionetsero. Pa tsiku loika maliro anavala suti yakuda n'kukhala kutsogolo pambali pa mkamwini wawo, kuti anthu aone kuti mwini shopu wabwera yekha.

Mtunda wochoka kutchalitchi kukafika kumanda unali wautali, ndipo khamu loyenda pansi linali lalikulu moti ngakhale giya yoyamba inkaoneka yothamanga. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu. Giyawani anali kalikiliki kuzemba maenje, maso pagalasi kuti asasiye abusa m'mbuyo. Yachinayi itatha panali kachetechete pang'ono, wongokwanira kumeza malovu. Kenako foni inachita zimene mafoni amachita: inapita pa nyimbo yotsatira.

Ng'oma inaphulika padenga. Woimba wa mawu okhuthala anayamba kulangiza mtsikana wina mmene angagwedezere chiuno, ndipo malangizowo anali atsatanetsatane. Amayi a kwaya anaima njiii, nyimbo ili kukamwa. Ena mwa amene malemu anawakwapula kale anapezeka kuti mapazi awo alowa okha m'kagundidwe ka ng'oma. Giyawani anamenya swichi pansi, m'mwamba, pansi. Swichi inangoti tcheke tcheke, yosadziwa kanthu. Apongozi analumphira kabatani kochepetsera mawu, kakale ngati galimoto yomweyo, n'kutsala nako m'manja. Giyawani anakoka chingwe, koma selotepi ija inagwira ntchito yake mokhulupirika, moti foni inangotsatira chingwecho n'kugwera pansi pa mpando.

Mwadzidzidzi nyimbo inaduka, foni n'kuyamba kuitana. Giyawani anathokoza kumwamba. Dzanja limodzi pachiwongolero, linalo likufufuza pansi pa mpando, anaigwira foni ija, ndipo chala chake chachikulu chinadina pamene chinafikira. Mawu a mkazi wake anatuluka padenga, omveka bwino mpaka kwa omalizira a pamzere.

"Abambo, mwafika? Akalipentala akuti muyende pang'onopang'ono m'mabampumo. Akuti bokosilo ndi lija la matabwa a makereti, adadi anangouza anyamata kuti alipake vanishi katatu. Pansi pake misomali ndi yochepa, nkhalambayo ingatulukire pansi. Mukundimva?"

Aliyense anamva, kupatula malemu.

Giyawani anazimitsa injini, chinthu chimene akanachita kalekale mutu ukanakhala pamalo pake. Anatembenuka kuyang'ana apongozi ake. Iwo anali atayang'ana kutsogolo, kabatani kaja kali m'manja, thukuta likutsikira m'kolala.

Panamveka kugogoda pagalasi. Anali mwana wamkulu wa malemu uja. Sanakweze mawu. Anapempha kuti atsegule kumbuyo, anasuntha nkhata za maluwa, natenga kiyi wa galimoto yake n'kukanda pakona pa bokosi. Pansi pa vanishi panaoneka thabwa loyera, lofewa ngati sopo, ndipo chapafupi pake pankaonekera zilembo za kampani ina yotumiza matayala. Mayiyo anaziwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi, monga mwana wa mphunzitsi.

"Bambo anga anaphunzitsa zaka makumi anayi," anatero. "Sapita m'manda ngati katundu. Tidikira pompano mpaka mubweretse limene tinagula."

Apongozi anayesa kunena kuti anyamata asokoneza mabokosi, koma abusa anawakumbutsa mwaulemu kuti aima pafupi kwambiri ndi manda kuti awonjezere bodza lina. Vuto linali lakuti m'shopu monse bokosi la matabwa olimba enieni linalimo limodzi lokha. Linali la iwo eni. Analipangitsa zaka zapitazo, la zogwirira zamkuwa ndi nsalu yofewa m'kati, ndipo linkakhala m'chipinda chokiya, lofunditsidwa bulangete. Madzulo ena ankapita kukalipukuta fumbi okha. Limenelo ndilo linabwera pa lole, khamu lonse litadikira padzuwa ola lathunthu. Achibale anatchinga ndi nsalu, namusamutsa mphunzitsi uja, ndipo anthu anavomerezana kuti munthu wamkuluyo analowamo ngati anamuyeza.

Ulendo wobwerera unali wopanda nyimbo. Atafika pageti la shopu, apongozi anatambasula dzanja, Giyawani n'kuikamo makiyi.

"Mkamwini, mwana wanga ndinakupatsa, ntchito ndinakupatsa. Lero wapereka nyumba yanga yomaliza kwa munthu wosamudziwa. Mawa ukapezeke kwa akalipentala."

Kunyumba nakonso kunalibe mtendere. Mkazi wake anati iye anaimba foni kwa mwamuna wake, osati kwa tauni yonse, ndipo tsopano bambo ake omubereka sakumuyankha moni. Giyawani anayesa kunena kuti amene anapaka vanishi si iye. Mkaziyo anavomera kuti n'zoona, koma anawonjezera kuti banja lililonse lili ndi vanishi wake, ndipo si onse amene amakwatiwa ndi munthu womanga masipika padenga. Anatenga chikwama napita kwa mkulu wake, komwe anakhalako milungu itatu.

Mayi wa mawaya uja anaitanidwa kudzakonza zowonongeka. Anasuzumira pansi pa chiwongolero, naona mfundo ya selotepi ija, n'kuidula. Galimoto ija apongozi anaipatsa dalaivala wina, wogontha khutu limodzi, pamodzi ndi foni yakale yopanda khadi. Anamfedwa ambiri anayamba kukagula mabokosi kwina, ndipo ochepa amene ankabwerabe ankafika ndi kiyi m'manja, n'kukanda pakona asananene za malemu.

Giyawani ali pomwepo mpaka lero, kuseri kwa shopu, akupala matabwa ndi sandipepa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nyimbo imene amamva ndi ya macheka. Anali nazo zokwanira: kabowo kake, swichi yake, nyimbo zake pobwerera. Anafuna kuti kukoma kufike padenga, n'kugwa nako. Akuluakulu anaona kale zoterezi pamene ananena kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada.