Mzere wa pa Mkungudza

M'tauni yathu ya alimi a chimanga ku Nebraska, wolemba malire a bwalo la besibo, masewera omenya kampira ndi ndodo, anali Orville Brandt. Loweruka lililonse ankakankha kangolo ka laimu n'kujambula mizere iwiri yoyera. Mpira ukagwa mkati mwa mzere, masewera amapitirira. Ukagwa kunja, ndi wakufa. Kuyambira kalekale mzere wakumanzere unkathera pa tsinde la mkungudza wa pangodya.

Mwana wake Curtis ankamenya mpira mwamphamvu, koma unkakonda kukhotera kumanzere n'kugwa kunja pang'ono. Zitamveka kuti kukubwera mphunzitsi wa ku koleji kudzasankha osewera, Orville anasunthira mzerewo kunja kwa mkungudza, mkono wathunthu. Mkazi wake Lorraine anamupeza akufufuta wakalewo ndi tsache.

"Bambo a Curtis, mukuba munda wa yani?"

"Aa, udzu uli ndi mwini? Ndikukonzera mwana tsogolo."

"Mwiniwakeyo Curtis mwamuuza?"

"Ameneyo anatengera iwe, manyazi ngati mkamwini. Angodandaula."

Tsikulo Curtis anamenya bwino, mipira yonse pakatikati pa bwalo. Kamunda kakubako sanakafune n'komwe. Chakumapeto, timu yathu ikutsogola pang'ono, inali nthawi ya timu ya alendo kumenya, ndipo iye ankalondera kumanzere kuti awakhe mpira. Mlendo wina anamenya mpira wautali wolunjika ku mkungudza. Curtis anathamanga maso ali kumwamba, naona kuti ukagwera kunja kwa tsinde, kumene ankadziwa chibadwire kuti n'kunja. Anaima, nausiya. Mpira unagwa mkati mwa laimu wa bambo ake.

Woimbira analoza mkati. Alendo awiri anamaliza kuzungulira bwalo n'kupeza zigoli ziwiri, ife n'kugonja pomwepo. Mphunzitsi wa ku koleji uja anatembenukira kwa Orville, osadziwa kuti akulankhula ndi bambo ake a mnyamatayo.

"Mphamvu ali nazo, achimwene, koma waulesi. Munthu woima n'kumaonerera mpira ine ayi."

Anthu akubalalika, Curtis anapita pa mkungudza paja. Anayang'ana tsinde, anayang'ana mzere, kenako anayang'ana bambo ake nthawi yaitali.

Ku koleji sanapite. Lero amayendetsa thalakitala m'minda ya eni, ndipo bambo ake amawapatsa moni ngati munthu wongodziwana naye kumsika. Orville amakankhabe kangolo kake, mzere uli wowongoka bwino, kuthera pa tsinde penipeni, koma mwana woti amuwongolere mzerewo pa bwalo palibenso. Zimandiwawa ndikamuona, ngakhale chisoni changa chili pa mwanayo. Akulu sananame: choipa chitsata mwini.