Mwini Dzina la Dzimbiri Ndani?

Kalekale, nthawi ya makaseti ija, ku Bangwe kunali gulu loyimba roko lotchedwa Dzimbiri. Anali atatu: Ganizani wa gitala, Sekerani wa ng'oma, ndi mtsikana woyimba dzina lake Tiyamike. Ankaphunzirira nyimbo kuseri kwa nyumba yanga, choncho za phokoso lawo musandiuze, makutu anga ndiwo mboni.

Chimbale choyamba chinali nzeru za Ganizani, yemwenso anapeka dzina la gululo. Sipika yake makoswe anali ataiboola, moti gitala inkalira ngati chigayo chadizilo. Anakana kuikonzetsa. "Kulira kwathu n'kumeneku, aise," ankatero. Ogula kasetiyo anali ochepa, koma ankalikonda gululo kufa nalo.

Pachimbale chachiwiri Sekerani anatopa kuona anthu akungogwedeza mitu ngati agulo. "Tikuyimbira anthu opanda miyendo kodi?" Analowetsa kamenyedwe ka manganje pansi pa phokoso lija, ndipo mabwalo anayamba kudzaza, fumbi koboo! Ganizani anakhala mwezi wathunthu osamulankhula.

Pofika chachitatu, Tiyamike mawu anali atasasa ndi kukuwa. Anatenga sipika ija mwakabisira n'kukaimatitsa kwa wokonza mawailesi. Gitala inayamba kulira bwinobwino, iye n'kuyimba mofatsa, ndipo anthu anamva koyamba zimene nyimbozo zinkanena. Mawailesi anaziwulutsa, amayi mumsika n'kumaziyimba. Ganizani, munthu wandevu zake, analira misozi, ndipo gulu linathera pomwepo.

Patapita zaka, mkulu wina wokonza chikondwerero cha nyimbo anaitana Dzimbiri. Kunabwera magulu atatu, Ganizani ndi lake, Sekerani ndi lake, Tiyamike ndi lake, lililonse likudzitcha dzina lomwelo. Mkuluyo anakwiya. "Ndikufuna Dzimbiri imodzi pofika Lachisanu. Mukakanika, nonse ndikufufutani."

Ndiye oyimba atatu aja anabwera kwa ine kuti ndiwaweruze, ngati kuti ndinali ndisanavutike nawo mokwanira.

"Bambo, popanda ine dzinalo likanachokera kuti?" anatero Ganizani.

"Ukanamayimbira makoswe ako omwewo," Sekerani anamudula. "Anthu ndinabweretsa ndine."

"Achimwene, anthuwo masiku ano amayimba nyimbo za ndani?" anafunsa Tiyamike.

Ine mutu unangondiwawa, ndinawathamangitsa onse. Lachisanu likuyandikira, ndipo palibe wogonja. Nanga inu mukuti dzinali atenge ndani: amene anayambitsa kulira kwake, amene anavinitsa anthu, kapena amene anatchukitsa gululo poliphera kulira kumene linabadwa nako?