Kalipentala Amene Anafika Kawiri Pakhomo Limodzi

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankakhoma mipando ndi zitseko pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wopita ku Kasungu. Manja ake anali aluso, koma pakamwa pake panali polemera. Ukamufunsa mtengo wa tebulo, ankayamba wayang'ana pansi, kenako n'kuyankha ngati akupepesa.

Munthuyu anakonda mkazi wina dzina lake Elube, amene ankagulitsa nthochi pafupi ndi pomwe iye ankapalira matabwa. Elube naye anamukonda. Koma Elube anali mwana wa pakhomo pa anthu, ndipo tsiku lina anamuuza mosabisa.

"Ngati mukunena zoona, pitani mukaonane ndi amalume. Iwo akavomera, mudzatuma akwanu. Akakana, ine ndilibe mawu."

Anamuuzanso nkhani ina imene inamuthetsa mphamvu. Chaka chathacho kunabwera mnyamata wa njinga yamoto kudzafunsira mng'ono wake wa Elube. Malumewo sanamukalipire, sanamuthamangitse. Anangoona mmene anafikira, n'kumuuza kuti, "Tamva. Tidzakuyankhani." Yankholo silinabwere, ndipo mnyamatayo anatopa n'kudikira mpaka anakakwatira kwina.

Kalipentala uja anachita mantha. Kupala thabwa ankadziwa. Koma kuyankhula ndi munthu wamkulu amene mawu ake amodzi angakulande mkazi, zimenezo ayi.

Tsono iye anali ndi mkulu wake amene ankagwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina ku Lilongwe. Mkuluyu anaphunzira Chingerezi atakula kale, monga inuyo ophunzira anga, m'kalasi ngati ino. Anachilimbikira mpaka chinamulowa. Ntchito ya pa hotelayo anaipeza atapikisana ndi anthu ambiri, ena a mapepala oposa ake, ndipo ankadziwa chimene chinamupambanitsa. Kanali kalowedwe kake m'chipinda cha omufunsa mafunso. Kuyambira pamenepo, aliyense wopita kukaonana ndi munthu wamkulu ankalandira malangizo kwa iye, kaya wapempha kaya sanapemphe.

Kalipentala anakwera minibasi kupita kwa mkulu wakeyo.

"Achimwene," anatero, "ndikukaonekera kwa amalume a mkazi uja. Ndikachite bwanji kuti asakandione wopepera?"

Mkuluyo anakondwa kwambiri. Sanafunse kuti malumewo ndi munthu wotani. Sanafunse kumene amakhala, kapena ntchito imene amagwira. Anangoimirira, n'kuyamba phunziro.

"Iwe vuto lako ndi limodzi, umadzichepetsa mpaka anthu osakuona. Munthu amakuyeza nthawi imene wakuona koyamba, ndipo zimene waona pamenepo sazisintha msanga. Ndiye tamvera. Ukakafika, usakazengereze pakhomo ngati wodzapempha mchere. Ukalunjike kwa mwini wake. Ukaime njo, mapewa m'mwamba. Ukayambe ndiwe kupereka dzanja, ndipo ukagwire zolimba, osati ngati wagwira dzira. Ukamuyang'ane m'maso. Ukanene dzina lako mokweza, ntchito yako, ndi chimene wabwerera, iye asanakufunse. Ukaponyemonso kamoni ka Chingerezi, adziwe kuti kwathu kuno sukulu timaidziwa."

Anayeserera mpaka kalipentala anatuluka thukuta. Mkuluyo ndiye ankakhala ngati malume a Elube, koma malume ake anali oimirira, ovala tayi. Pomaliza anabwereka mng'ono wakeyo jekete lakuda, n'kumuperekeza kokwerera basi mtima uli m'malo.

Musamuseke mkuluyu. Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Malangizo akewo sanali abodza. Ndi omwewo amene ali m'buku lanu, ndipo ine ndemwe ndimakuphunzitsani. Iyeyo malangizowa anamupezetsa ntchito, ndipo ena a inu adzakupezetsani. Komanso munthuyu ankamukonda mng'ono wake. Anamupatsa chinthu chabwino koposa chimene anali nacho.

Tsiku lopita linakwana. Inali nyengo yosoka fodya, ndipo malume ake a Elube anali pansi pa chigafa, chisakasa choyanikamo fodya. Anali atakhala pa chiguduli, miyendo atatambasula, akutunga masamba ndi singano yaikulu. Anali munthu wokalamba, wochepa thupi, wa zala zotupa ndi nyamakazi. Chapambali panali mlongo wawo, mayi ake a Elube, akusankha masamba. Elube mwini anali kuseri kwa nkhokwe ndi lichero, akunamizira kupeta, maso ali kunjira.

Kalipentala anafika m'mphepete mwa bwalo. Miyendo yake inafuna kuima yokha, monga inazolowerera kuyambira ali mwana. Pakamwa pake panafuna kunena kuti odi. Koma anakumbukira za wodzapempha mchere uja, n'kudziumitsa mtima. Anadula bwalo lonse, nsapato zikulira, mpaka anakaima pamiyendo pa nkhalambayo.

Anatambasula dzanja limodzi, linalo lili lende pambali. Malumewo anayang'ana dzanjalo. Anaika singano pansi pang'onopang'ono, n'kupereka lawo, pakuti dzanja la mlendo salikana. Kalipentala analigwira zolimba, ndi manja omwe aja opanira matabwa. Nkhope ya nkhalambayo inakwinyika.

Kenako kalipentala anawayang'ana m'maso, n'kuponya moni wa Chingerezi uja. Anatchula dzina lake mokweza, ntchito yake, ndi pamene amagwirira. Pomaliza anati, "Ndabwera kudzakuuzani kuti ndikufuna kukwatira Elube."

Anatero mayi a mwanayo ali pomwepo. Mayiwo anatembenuka, n'kukokera chitenje kumaso chifukwa cha manyazi. Kuseri kwa nkhokwe lichero linasiya kulira.

Malumewo anasisita zala zawo. Anatola singano, n'kuweramira pa fodya wawo.

"Tamva," anatero.

Sanamalize, koma kalipentala anadziwa mawu otsatirawo. Anali atachita zonse zimene anauzidwa, osasiyapo n'chimodzi chomwe, ndipo mkazi anali kumupulumuka iye akuona.

Ali chiimire choncho anayang'ana pansi, ndipo anaona pakati pa mutu pa nkhalambayo. Panali imvi ndi kadazi kakang'ono. Chibadwire anali asanaonepo pamenepo pa munthu wamkulu, chifukwa anali asanaimepo pamwamba pa munthu wamkulu atakhala pansi. Manyazi anamugwira. Anadziona mmene anthu a pakhomopo ankamuonera, chimunthu chajekete chosadziwa mwambo, chotsekereza nkhalamba kuwala.

Anatembenuka, n'kudulanso bwalo kubwerera kumene anachokera.

Elube atamuona akutuluka, mtima wake unasweka. Anati basi, wathawa, zatha. Anakhala pansi kuseri kwa nkhokweko lichero lili pamiyendo, osafuna n'kuyang'ana komwe.

Koma munthuyo sanapite kutali. Anakaima panjira kuseri kwa mpanda, n'kuvula jekete lija. Analipinda bwinobwino, chifukwa linali la eni ake, n'kulikoleka pamkono. Anapuma kaye. Kenako anabwerera, n'kuima m'mphepete mwa bwalo, pomwe paja miyendo yake inafuna kuima poyamba. Ananjuta, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Odi kuno."

Malumewo anapitiriza kutunga masamba, limodzi, linanso, linanso. Kalipentala sanadzuke ndipo sanaodirenso. Anangodikira, monga amadikirira munthu amene akudziwa kuti pakhomo si pake.

"Odini," inatero nkhalambayo pomaliza. "Fikani."

Anayenda chowerama, n'kukakhala pansi chapambali, kutali ndi kumene kunali mayi aja. Sanapereke dzanja. Sanayambe kuyankhula. Malumewo ndiwo anamulonjera, monga amachitira mwini khomo, ndipo iye anayankha akuomba m'manja, maso ali pansi. Anamufunsa za kwawo, za makolo ake, za mvula ya chaka chimenecho. Iye ankayankha chimene wafunsidwa basi, ndi mawu ake omwe aja opepesa.

Kenako nkhalambayo inaika singano pansi.

"Bambo, pobwera apa simunakumane ndi munthu panjirapo? Wajekete, wamtali ngati inu nomwe. Wangochoka kumene pano."

"Ndakumana naye, bambo," anayankha kalipentala.

"Mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa pang'ono. Wandiuza kuti sadzabweranso."

"Wachita bwino," anatero malumewo. Anayang'ana zala zawo, n'kupukusa mutu. "Koma mphamvu ali nazo mwana ameneyo. Akanakhalitsa, fodya ameneyu akanasoka wina."

Mayi aja analephera kudzigwira. Anaseka kuseri kwa chitenje mpaka mapewa kugwedezeka. Kenako anadzuka, n'kupita kukhitchini, chifukwa anadziwa kuti nkhani yotsatira si yoti iwo aimve ali pomwepo.

"Nanga inuyo," anatero malumewo, "tikuthandizeni chiyani?"

"Bambo, ndaona mwana wa pakhomo pano. Ndabwera kuti mundione kaye. Ngati n'koyenera, ndikauze akwathu."

Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali. Iye sanadzutse maso.

"Mwanayo ndimufunsa ndekha," inatero. "Koma mmene lichero lasiyira kulira kuseriko, yankho lake ndalimva kale. Kauzeni akwanu abwere."

Kalipentala anaomba m'manja, n'kuombanso, osadziwa polekera, mpaka malumewo anamuuza kuti zakwana. Kuseri kwa nkhokwe Elube ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Pobwerera kwawo munthuyo anayenda wapansi mtunda wonse osamva kutopa, ndipo aliyense wokumana naye panjira ankamupatsa moni kawiri.

Atakabweza jekete, mkulu wake anamufunsa mmene zinayendera.

"Zayenda, achimwene. Avomera."

"Ndinakuuza ine!" anatero mkuluyo akudziguguda pachifuwa. Mng'onoyo sanafune kumukhumudwitsa, ndiye anangothokoza chifukwa cha jeketelo. Mpaka lero mkuluyo akulangizabe anthu, ndipo amawauza kuti ngakhale mng'ono wake anapeza mkazi chifukwa cha malangizo omwewo.

Tsono inu, posachedwapa mukhala awiriawiri, kulangizana m'Chingerezi zimene munthu angachite kuti amuone bwino tsiku loyamba. Mawu ake mwawadziwa, ndipo ndikunyadira mmene akutulukira. Koma munthu akangodziwa mawu olangizira, lilime limayabwa, ndipo amafuna kulangiza aliyense. Musanatsegule pakamwa, yambani mwamufunsa mnzanuyo. Ukupita kwa yani? Ukamupeza ali kuseri kwa tebulo, kapena ali pa chiguduli? Wopita ku ofesi mukamuuza kuti akanjute pakhomo n'kudikira, ntchitoyo aitenga wina. Wopita kwa malume mukamuuza kuti akaime njo, mwaona nokha zimene zimachitika.

Kalipentala uja anachita mwayi, anapeza nkhalamba imene inamulola kufika kawiri. Amene adzabwere kwa inu kudzapempha malangizo, mwina kumene akupitako adzafika kamodzi kokha.